Ndalama za Mike Tyson: anapeza zingati, zinapita kuti, watsala ndi zingati? Mafunso ndi mayankho

Ambiri a ife tinamudziwira Mike Tyson pa matepi a vidiyo, tili pa benchi m'kanyumba ka kanema, nkhonya n'kutha tisanakhazikike n'komwe. Dzina lake likatchulidwa lero, anthu sachedwa kusiya za nkhonya n'kuyamba za ndalama. Wina amati munthuyu ndi mpondamatiki, wina amati anasauka kalekale. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera. Ndalama zonse ndazisiya m'madola a ku America, chifukwa dola ya 1988 si yofanana mphamvu ndi ya lero, ndipo kuzisandutsa makwacha kungangosocheretsa.

Kodi Tyson anapeza ndalama zingati pa nkhonya zake zonse?

Pakati pa madola 300 miliyoni ndi 400 miliyoni. Pamene anapita kukhothi mu 2003 kukanena kuti ngongole zamukulira, manyuzipepala akuluakulu a ku America ankatchula ziwerengero ziwirizi, ena chotsikacho, ena chokweracho. Zimasiyana chifukwa ena amangowerengera malipiro amene analengezedwa pa nkhonya iliyonse, pomwe ena amaphatikizapo za makampani a kanema ndi za malonda amene ankatsatsa.

Ndalamazi anazipeza pa nkhonya 58, kuyambira 1985 mpaka 2005. Anapambana 50, ndipo 44 mwa izo anachita kugwetsa mdani wake kapena kumusiyitsa pakati. Anagonja 6, ndipo ziwiri sizinawerengedwe. Koma gwirani mawu awa: ndalama zimenezi ndi zimene zinadutsa pa dzina lake. Zimene zinafika m'manja mwake ndi nkhani ina.

Anayamba bwanji, ndipo ndalama zazikulu zinayamba liti?

Anabadwa pa 30 June 1966 ku Brooklyn, mumzinda wa New York, ndipo anakulira ku Brownsville, dera la umphawi ndi umbanda. Pofika zaka 13 anali atamangidwapo kambirimbiri. Ali kusukulu ya ana olakwira malamulo, anthu anamutengera kwa Cus D'Amato, nkhalamba yophunzitsa nkhonya ya ku Catskill, imene inamulera ngati mwana wake.

Nkhonya yake yoyamba yolipidwa inali ya pa 6 March 1985 ku Albany, ndi Hector Mercedes, ndipo inatha mu raundi yoyamba. Malipiro a nthawi imeneyo anali madola mazana ochepa chabe. Chaka chimenecho chokha anamenya ka 15. Pa 22 November 1986 anagwetsa Trevor Berbick mu raundi yachiwiri n'kutenga lamba wa bungwe la nkhonya la WBC ali ndi zaka 20, ndipo mpaka lero palibe wina anatengapo lamba wa heavyweight, gulu la oponya nkhonya olemera kwambiri, ali wamng'ono chotero. Tsiku limenelo analandira madola pafupifupi 1.5 miliyoni. Mu 1987 anaonjezera malamba a WBA ndi IBF.

Chimene chimandikhudza pa zaka zimenezi si malambawo ayi, koma maliro awiri. D'Amato anamwalira mu November 1985, mnyamatayo asanakhale ngwazi. Jim Jacobs, mmodzi mwa mamanijala ake awiri komanso munthu amene Tyson ankamukhulupirira kwambiri, anamwalira mu March 1988. Ndiye ndalama zenizeni zitayamba kugwa ngati mvula, anthu awiri amene akanatha kumuuza kuti "iwe, khala pansi" anali atagona kale kumanda. Mnyamata wa zaka 21, wosapita patali ndi sukulu, anatsala yekha pakati pa anthu odziwa kuwerenga makontrakiti.

Ndi nkhonya ziti zinamulipira kwambiri?

Yoyamba kugwedeza dziko inali ya Michael Spinks ku Atlantic City pa 27 June 1988. Tyson analandira madola pafupifupi 20 miliyoni, malipiro amene panthawiyo woponya nkhonya aliyense anali asanawalandirepo, ndipo ntchito yake inatha m'masekondi 91.

Koma zaka zimene anakolola kwambiri ndi za pambuyo pa ndende. Mu August 1995 anakumana ndi Peter McNeeley, munthu amene sanali wa msinkhu wake n'pang'ono pomwe. Nkhonya inatha m'masekondi 89, malipiro madola 25 miliyoni. Mukagawa, sekondi iliyonse ikukwana madola oposa 280,000. Mu March 1996 anamenya Frank Bruno wa ku Britain, madola 30 miliyoni. Nkhonya ziwiri za Evander Holyfield, ya November 1996 ndi ya June 1997, iliyonse inali ya madola 30 miliyoni, ngakhale kuti zonse ziwiri anagonja. Muonjezerepo ya Buster Mathis Jr. ndi ya Bruce Seldon, mupeza kuti m'zaka ziwiri zokha, pa nkhonya 6, ndalama zolembedwa pa dzina lake zinapitirira madola 100 miliyoni.

Ya Lennox Lewis ku Memphis pa 8 June 2002, aliyense anamulonjezeratu madola 17.5 miliyoni.

Ndalama zochuluka chonchi zimachokera kuti?

Gawo lina ndi la matikiti a pakhomo, lina ndi la mahotela a juga a ku Las Vegas ndi Atlantic City, amene amalipira kuti nkhonya ichitikire kwawo podziwa kuti anthu olemera akabwera adzatchovanso juga. Koma mtsinje waukulu unali pay-per-view, kutanthauza kuti nyumba iliyonse yofuna kuonera imalipira payokha usiku umenewo. Nkhonya yachiwiri ya Holyfield inagulidwa ndi nyumba pafupifupi 2 miliyoni ku America. Ya Lewis inafikanso pomwepo, nyumba iliyonse madola 54.95. Tyson ankagulitsa kuposa anzake chifukwa ngakhale munthu wosatsata nkhonya ankafuna kuona chimene chichitike, kaya ndi kugwa kwa munthu kaya ndi chipolowe.

Akati Tyson walandira madola 30 miliyoni, zonsezo zimalowa m'thumba mwake?

Ayi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasochera. Chiwerengero chimene chimalengezedwa chili ngati ng'ombe yathunthu isanasendedwe. Mwini wake amadya komaliza, ena onse atadula kale mbali zawo.

Pa nkhonya wamba, manijala amatha kutenga mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu. Kochi amatenga 10 pa 100 iliyonse. Bungwe la lamba, monga WBC kapena WBA, limadula pafupifupi 3 pa 100 iliyonse kuti lamba wake alimbiranidwe. Ndiye pali anyamata oyeserera nawo nkhonya pokonzekera, wosoka mabala pakona, madokotala, alonda, maloya, chakudya ndi malo ogona a gulu lonse kwa miyezi iwiri kapena itatu. Boma limabwera pamapeto, ndipo silisekerera.

Kwa Tyson zinanyanya. Atatuluka kundende mu 1995, mgwirizano umene unalipo unkapatsa promota (wokonza nkhonya) Don King 30 pa 100 iliyonse ya malipiro ake, ndipo mamanijala awiri, John Horne ndi Rory Holloway, ankagawana 20 pa 100. Theka linkachoka mwini wake asanaone ndi maso.

Tiyeni tiwerengere limodzi nkhonya yachiwiri ya Holyfield. Pa madola 30 miliyoni, King 9 miliyoni, mamanijala 6 miliyoni, kutsala 15. Chindapusa chifukwa choluma khutu la Holyfield pa nkhonyayo 3 miliyoni, kutsala 12. Msonkho wa boma la America kwa anthu opeza zambiri unali 39.6 pa 100 m'zaka zimenezo, ndiye pa 15 miliyoni paja boma likufunapo pafupifupi 6. Kutsala 6 miliyoni, kochi ndi gulu lonse lija asanalipidwe. Masamu amenewa ndi anga, ongoyerekeza, koma akukuonetsani kukula kwa dzenje. Madola 6 miliyoni ndi ndalama zambiri zedi. Vuto n'lakuti munthuyo ankagula zinthu ngati wa 30 miliyoni, chifukwa ndi chiwerengero chimene ankachimva pa kanema ndiponso chimene anthu omuzungulira ankamuimbira.

Msonkho uli ndi msampha wake. Wogwira ntchito ya pamwezi amadulidwa asanalandire, sauona n'komwe. Woponya nkhonya amalandira cheke chake, ndipo zili kwa iye kusunga gawo la boma mpaka nthawi yolipira. Akadya gawo limenelo, chaka chamawa amakhala ndi ngongole imene ikubereka chiwongoladzanja ndi zindapusa. Nkhonya yotsatira imakhala yolipirira yapitayo.

Kodi Don King anamuberadi?

Tyson ananena choncho, ndipo anapita nazo kukhothi. Mu 1998 anasumira King kuti amupatse madola 100 miliyoni, ponena kuti kwa zaka zambiri ankamudula ndalama mwachinyengo ndi kumulipiritsa zinthu zimene sizinali zake. King anakana. Mlanduwo sunafike pogamulidwa, chifukwa mu 2004 anagwirizana kunja kwa khothi kuti King apereke madola 14 miliyoni. Ndalamazo Tyson sanazidye, zinapita kwa amene ankamufuna ngongole.

Choncho palibe woweruza amene ananena kuti King anaba ndalama zakutizakuti. Koma Tyson si yekha amene anakangana naye. Muhammad Ali, Larry Holmes, Tim Witherspoon ndi Terry Norris onse anamusumirapo pa nkhani za ndalama.

Maganizo anga ndi akuti, kaya panali kuba kaya panalibe, kapangidwe ka mgwirizanowo kanali kolakwika kuyambira pa mizu. Promota ndi manijala amayenera kukhala mbali ziwiri zokokana. Promota amafuna kulipira woponya nkhonya zochepa kuti iye apindule, manijala amafuna kumukama promotayo kuti mwana wake alandire zambiri. Mamanijala akakhala anthu a promota yemweyo, woponya nkhonya amakhala alibe womuyankhulira patebulo. Mu 2000 dziko la America linakhazikitsa lamulo la Muhammad Ali Boxing Reform Act, limene limaletsa promota kukhala ndi phindu pa umanijala wa woponya nkhonya wake, komanso limamukakamiza kuulula ndalama zimene wapeza pa nkhonyayo. Kwa Tyson lamuloli linabwera madzi atatayika kale.

Palinso china chimene kusintha kwa anthu omuzungulira kunamuonongera. Chakumapeto kwa 1988 anachotsa Kevin Rooney, kochi amene anaphunzira pansi pa D'Amato. Pa 11 February 1990 ku Tokyo, akumenyana ndi Buster Douglas, diso lake lakumanzere linayamba kutupa. Anthu a pakona pake analibe kachitsulo kozizira kamene kochi aliyense amayenda nako kotsitsira chotupa. Anatenga gulovu ya labala, n'kuthiramo madzi a ayezi, n'kumamuika pa diso. Ngwazi ya dziko lonse, munthu wa mamiliyoni, akusamalidwa ngati ali pa nkhonya ya kumsika. Mu raundi ya 10 anagwa, ndipo dziko lonse linamuona akukwawa, akupapasa pansi kufunafuna kotchingira mano kake. Douglas, amene usiku umenewo analandira madola 1.3 miliyoni, pa nkhonya yake yotsatira ndi Holyfield analandira 24 miliyoni. Ndalama za usiku wa Holyfield umenewo zinali zoyenera kukhala za Tyson.

Ndiye tinene kuti anangodyeredwa basi?

Ayi. Tikatero tamunamizira, ndipo mwini wake sanena choncho. Iye amavomera poyera kuti ankamwaza ndalama, komanso kuti mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, makamaka kokeni, zinamugwira kwa zaka zambiri.

Zikalata za kukhothi zinaonetsa kuti moyo wake unkadya madola pafupifupi 400,000 pamwezi. Pakati pa 1995 ndi 1997, maloya okha anadya 9 miliyoni. Mafoni ndi mapeja, 230,000. Phwando limodzi la tsiku lake lobadwa, 410,000. Anali ndi nyumba zikuluzikulu ku Ohio, Connecticut, Maryland ndi Las Vegas, iliyonse ndi antchito ake, alonda ake, misonkho yake, kaya mugona munthu kaya ayi. Magalimoto a Bentley, Rolls-Royce, Ferrari ndi Lamborghini ankagula ngati zovala, ena n'kumangopatsa anzake. Ankaweta akambuku a ku India, a mtundu wa Bengal, ndipo nyama zimenezi zimafuna nyama yambiri tsiku ndi tsiku komanso munthu wodziwa kuzisamala. Pa ngongole zimene anapita nazo kukhothi panali tcheni chagolide cha madayamondi cha madola 173,706, chimene anatenga m'sitolo ya ku Las Vegas osalipira.

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Komabe sindingaseke. Mwana amene wakula akugona ndi njala, amene mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 16, akapatsidwa mamiliyoni asanakhwime maganizo, amagula zinthu ziwiri: zimene ankazisirira ali mwana, ndi anthu oti azikhala naye pafupi. Anthu ogulidwawo ndi amene amadula kuposa galimoto. Gulu lomutsatira linali lalikulu, ndipo aliyense ankadya nawo.

Maukwati nawo anatenga gawo lawo. Wa Robin Givens unamangidwa mu February 1988 n'kutha chaka chotsatira. Wa Monica Turner unatha mu January 2003, ndipo pa ngongole zake panali madola 9 miliyoni okhudza kutha kwa banja limeneli.

Kundende kunamutayitsa ndalama zingati?

Mu February 1992 khothi la ku Indianapolis linamupeza wolakwa pa mlandu wogwirira mtsikana wa zaka 18. Analamulidwa kukhala kundende zaka 6, ndipo anatuluka mu March 1995 atakhalako zitatu. Zaka zimenezo, kuyambira ali ndi 25 mpaka 28, ndi zimene woponya nkhonya wa heavyweight amakhala pachimake. Makampani akuluakulu monga Pepsi anali atamuthawa kale chifukwa cha mbiri ya nkhanza za m'banja, ndipo chigamulochi chinatsekeratu khomo limenelo kwa zaka zambiri.

Koma funsoli ndimaliyankha monyinyirika. Pa nkhani imeneyi wovulazidwa si Tyson. Pali mtsikana amene moyo wake unasokonezeka, ndipo si bwino kuti tikamawerengera madola tizimuiwala. Chinanso chowawa n'chakuti malonda a nkhonya sanamulange konse. Atatuluka, anthu ofuna kumuonera anachuluka kuposa kale, ndipo malipiro ake anakwera.

Nanga kuluma khutu la Holyfield?

Pa 28 June 1997, ku hotela ya MGM Grand ku Las Vegas, m'chigawo cha Nevada, mu raundi yachitatu, Tyson analuma khutu lakumanja la Holyfield mpaka kudula kachidutswa, kenako analumanso linalo. Woyimbira, Mills Lane, anaimitsa nkhonya. Bungwe loyang'anira masewerawa ku Nevada linamulipiritsa madola 3 miliyoni n'kumulanda chilolezo, chimene anabwezeredwa mu October 1998.

Chindapusacho chinali chaching'ono poyerekeza ndi zimene anataya pokhala chaka ndi theka osamenya, ndalama zikungotuluka. Mu March 1998 anakaonekera pa masewero a zogwetsana a WrestleMania ku Boston kuti apezeko kena kake. Atabwerera mu January 1999 anakumana ndi Francois Botha wa ku South Africa, amene ankatsogola pa mapointi mpaka pamene chibakera chimodzi cha kumanja chinamugwetsa mu raundi yachisanu. Chaka chomwecho Tyson analowanso m'ndende kwa miyezi ingapo ku Maryland chifukwa chomenya anthu awiri pa ngozi ya pamsewu.

Kuyambira pamenepo nkhonya zake zambiri zinachoka ku Las Vegas. Mu 2000 anakamenya ku Manchester ndi ku Glasgow, mu 2001 ku Copenhagen. Ku Manchester, mdani wake Julius Francis anagulitsa kunsi kwa nsapato zake kwa nyuzipepala ina kuti itsatsirepo malonda, podziwa kuti makamera adzakuona akagwa. Anagwadi kasanu m'maraundi awiri.

Kodi mu 2003 chinachitika n'chiyani kwenikweni?

Mu August 2003 Tyson anapita kukhothi la ku New York kukapempha chitetezo pansi pa lamulo limene ku America amalitcha Chapter 11. Lamuloli silifafaniza ngongole lero ndi lero. Limaimitsa kaye onse okufuna kuti asakulande katundu, kenako khothi limavomereza ndondomeko ya mmene uzibwezera.

Ngongole zake zinali zoposa madola 23 miliyoni. Yaikulu inali ya msonkho: 13.4 miliyoni ku IRS, bungwe lotolera misonkho ku America, ndi 4 miliyoni ku boma la Britain chifukwa cha nkhonya zija anakamenyera kumeneko. Dziko limene wamenyerako limafuna msonkho wake, ngakhale usakhale nzika. Zotsalazo zinali za maloya, madokotala, makampani obwereketsa magalimoto, masitolo ndi ena otero. Apa panali patangopita miyezi 14 chichitikireni nkhonya ya Lewis ija.

N'chifukwa chiyani anapitiriza kumenya mphamvu zitatha?

Chifukwa ndondomeko yobwezera ngongole inadalira zibakera zake. Anayenera kumenya nkhonya zingapo, ndalama zake n'kumapita kwa omufuna. Thupi linakana. Mu July 2004 ku Louisville anavulala bondo ndipo Danny Williams wa ku Britain anamugwetsa mu raundi yachinayi. Pa 11 June 2005 ku Washington, kumapeto kwa raundi ya 6, Kevin McBride anamutsamira, Tyson n'kukhala pansi chotsamira zingwe. Anakhala pomwepo kanthawi, kudzuka kukumuvuta. Sanatulukenso pakona pake. Atafunsidwa usiku womwewo, ananena mosabisa kuti mtima wa nkhonya unamuchokera kale ndipo ankangomenya kuti alipire mabilu.

Kwa ine, usiku umenewo ndi womvetsa chisoni kuposa wa ku Tokyo. Munthu wa zaka 38 akulandira zibakera kumutu, ndalama zake zili kale ndi eni ake.

Anadzukanso bwanji?

Osati ndi nkhonya. Chimene okhometsa msonkho sakanatha kumulanda ndi dzina ndi nkhope, ndipo ndi zimene anayamba kugulitsa. Mu 2009 anaonekera mu filimu ya nthabwala yotchedwa The Hangover, imene inaonedwa ndi anthu ambiri ndipo inamudziwitsa kwa achinyamata amene sanamuonepo akumenya. Chaka chomwecho anakwatira Lakiha Spicer, amene anathandiza kulemba sewero limene Tyson ankaima yekha pa siteji n'kumafotokoza moyo wake. Seweroli linayambira ku Las Vegas mu 2012, kenako linapita ku Broadway, dera la nyumba za zisudzo ku New York, motsogozedwa ndi wopanga mafilimu Spike Lee. Panabwera buku, makatuni a pa kanema, pulogalamu yocheza ndi anthu pa intaneti yotchedwa Hotboxin', ndi kulipidwa pokaonekera pa zochitika kapena kusayina zithunzi.

Mu November 2020, ali ndi zaka 54, anachita nkhonya yachionetsero ndi Roy Jones Jr. ku Los Angeles, ndipo nyumba zoposa 1.6 miliyoni zinalipira kuti zionere. Mu 2021 anayambitsa ndi anzake kampani ya Tyson 2.0, yogulitsa zinthu za chamba m'madera a America amene malamulo amalola. Zina mwa zimene amagulitsa ndi maswiti opangidwa ngati khutu lolumidwa, ndipo pambuyo pake Holyfield mwini khutu analowa nawo m'malondawo.

Ndi zoona kuti boma la Malawi linamupempha kukhala kazembe wa chamba?

Inde. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ngakhale kuti chosuta chinakhalabe choletsedwa. Mu November 2021 kunamveka kuti nduna ya zaulimi ya nthawi imeneyo, a Lobin Lowe, inalembera Tyson kalata yomupempha kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi, pofuna kukopa anthu akunja odzaika ndalama mu ulimiwu. Bungwe la Centre for Public Accountability linatsutsa, ponena kuti munthu amene anapezeka wolakwa pa mlandu wogwirira sangaimirire dziko. Mkangano umenewo ukuonetsa bwino malonda amene Tyson ali nawo lero: dzina lake limatsegula zitseko, koma limabwera ndi mbiri yake yonse.

Pa nkhonya ya Jake Paul analandira zingati?

Nkhonyayi inachitika pa 15 November 2024 ku AT&T Stadium, mumzinda wa Arlington ku Texas, ndipo inaonetsedwa pa Netflix. Tyson anali ndi zaka 58, pomwe Paul, amene anatchukira pa YouTube asanayambe nkhonya, anali ndi 27. Malipoti ambiri anati Tyson analandira madola pafupifupi 20 miliyoni, Paul 40 miliyoni. Maraundi anali 8 a mphindi ziwiri, magulovu olemererapo kuposa a nthawi zonse, ndipo Paul anapambana pa mapointi. Netflix inati anthu 108 miliyoni anaonera padziko lonse.

Inayenera kuchitika mu July, koma anaisuntha chifukwa Tyson anadwala zilonda za m'mimba, ndipo iye mwini anadzaulula kuti anataya magazi ambiri mpaka kuwonjezeredwa ena kuchipatala. Ine sindinakondwere nayo nkhonya imeneyi. Bambo wa zaka 58 amene miyezi ingapo yapitayo anali pa bedi la chipatala sayenera kuima kutsogolo kwa mnyamata wa zaka 27, kaya ndalama zichuluke bwanji. Pofika raundi yachitatu miyendo inali itamuthera, ndipo aliyense woonera anaona.

Ndiye lero ali ndi chuma chochuluka bwanji?

Masamba a pa intaneti amene amalemba za chuma cha anthu otchuka ankamuika pa madola 10 miliyoni nkhonya ya Paul isanachitike, ndipo pambuyo pake ena anakweza kufika cha m'ma 30 miliyoni. Ziwerengero zimenezi muzizitenga ngati zongoyerekeza. Chuma cha munthu ndi katundu wake yense kuchotsapo ngongole zake, ndipo eni masambawa saona mabuku a kubanki a munthu. Amatenga malipiro olengezedwa, n'kuchotsapo zimene akuganiza kuti zinapita ku msonkho, n'kuikapo mtengo wongoganizira wa nyumba ndi makampani. Tsamba limodzi likalemba, ena khumi amakopera.

Gawo la Tyson mu kampani ya chamba ija ndi chitsanzo chabwino. Kampani ikagulitsa katundu wa mamiliyoni ambiri, si ndiye kuti ndalamazo ndi za munthu amene nkhope yake ili pa paketi. Pali ena amene anaikamo ndalama, pali zolipira, pali msonkho.

Chimene tinganene molimba mtima n'chakuti Tyson si wosauka. Amakhala moyo wa munthu wolemera, ndipo ali ndi njira zingapo zopezera ndalama zosafuna kumenyedwa. Koma ngakhale titatenga chiwerengero chokwera chija cha 30 miliyoni, ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene zinadutsa pa dzina lake.

Kodi anzake a heavyweight zinawathera chimodzimodzi?

Ena inde, ena ayi. Joe Louis, amene anasunga lamba kuyambira 1937 mpaka 1949, anasautsidwa ndi ngongole ya msonkho moyo wake wonse, ndipo atakalamba ankagwira ntchito yolonjera alendo pa hotela ya Caesars Palace ku Las Vegas. Holyfield, amene anapezanso mamiliyoni mazana, anamulanda nyumba yake ya zipinda 109 ku Georgia mu 2012 atalephera kubweza ngongole ya nyumbayo.

George Foreman anayenda njira ina. Pa nkhonya ya ku Kinshasa mu 1974, iye ndi Ali analandira madola 5 miliyoni aliyense, koma pofika zaka za m'ma 1980 ndalama zinali zitamuthera. Anabwerera, natenganso lamba mu 1994 ali ndi zaka 45, kenako anabwereketsa dzina lake pa chiwaya chamagetsi chootchera nyama. Mu 1999 kampani ya Salton inagula dzinalo pa madola 137.5 miliyoni, ndalama zoposa zimene anapeza ndi zibakera. Lennox Lewis anasiya mu 2004 ali ndi lamba m'manja, ndipo sanabwererenso ngakhale ankamunyengerera ndi ndalama zambiri.

A masiku ano monga Tyson Fury, Anthony Joshua ndi Oleksandr Usyk amalandira zoposa za Tyson pa usiku umodzi, makamaka chifukwa cha ndalama za Saudi Arabia, imene yakokera nkhonya zikuluzikulu ku Riyadh. Ambiri a iwo ali ndi makampani awoawo ndipo amakhala nawo patebulo pogawana phindu. Fury, amene anabadwa mu 1988, bambo ake anamutcha dzina la Tyson chifukwa cha Mike yemweyu.

Nanga nyumba zija ndi akambuku aja zinapita kuti?

Nyumba ya ku Farmington, Connecticut, ya zipinda zoposa 50, inapita kwa Monica Turner pa kutha kwa banja, ndipo mu 2003 inagulitsidwa kwa woyimba 50 Cent pa madola 4.1 miliyoni. Ya ku Southington, Ohio, anaigulitsa mu 1999. Inakhala bwinja kwa zaka zambiri, udzu utamera mpaka m'makola a akambuku, kenako inaperekedwa kwa mpingo wina umene unaikonza n'kuisandutsa tchalitchi. Pamene panali dziwe losambira m'kati mwa nyumba ndi pamene anthu amapempherera. Akambuku anawapereka kwa ena. Zoweta zimene sanazisiye ndi nkhunda, zimene anayamba kusunga ali mwana ku Brownsville. Iye amati ndewu yake yoyamba anamenyana ndi mnyamata wamkulu amene anamulanda nkhunda n'kuidula mutu pamaso pake, ndipo mpaka lero akadali ndi makola a nkhunda.